Momwe ndinachokera ku makatuni n'kuyamba kujambula nkhope zenizeni

Munthu amene wakula akujambula makatuni amakhala ndi zizindikiro zake zoloweza pamtima. Diso ndi kabwalo kokhala ndi kadontho pakati, mphuno ndi kambedza, pakamwa ndi mzere umodzi wopindikira m'mwamba kapena pansi. Ine ndinayamba zimenezi ku pulayimale konkuno ku Dedza, kumapeto kwa makope, ndipo pofika ku sekondale ndinkati ndikajambula mphunzitsi, kalasi yonse inkamuzindikira pompo. Koma anthu atayamba kupempha zithunzi zopachika pakhoma, cha mayi awo kapena cha malemu bambo awo, zizindikiro zija zinachepa mphamvu. Wofuna nkhope ya malemu safuna mphuno yokokomeza. Amafuna kuti akayang'ana pakhomapo awaone eni akewo.

Choyamba chimene ndinachita ndi kusiya kaye kujambula anthu. Dzanja lozolowera katuni likangomva kuti apa pali diso, limathamangira kabwalo kaja mwini wake asanayang'ane n'komwe. Ndinafunika zinthu zimene ndinalibe nazo chizindikiro m'mutu, choncho ndinatenga dzira, mbatata ya kachewere ndi kamphika kadothi, n'kuziika patebulo pafupi ndi zenera, chitseko chili chotseka kuti kuwala kuzichokera mbali imodzi yokha.

Zida sizinali zambiri. Mtima wa pensulo ndi graphite wosakaniza ndi dongo. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, amenewo ndi mapensulo a H. Likachepa imafewa n'kumada, ndiwo a B. M'magolosale ambiri mumapezeka HB yolembera kusukulu, ndiye 2B, 4B ndi 6B ndinakagula ku Lilongwe. Zotsalazo ndi labala, lezala yosongolera, mapepala a A4 oyeserera ndi makala ofewa otola pa mbaula. Ndisanajambule kanthu ndinkalemba timabokosi 5 tondondozana, koyamba n'kukasiya koyera, komaliza kuda bii, tapakatito tikusiyana pang'onopang'ono. Kapepala kameneka ndinkakaika pambali, ndipo malo aliwonse a chinthu chomwe ndikujambula ndinkadzifunsa kuti akufanana ndi kabokosi kati.

Dzira lili ndi phunziro lonse la kuwala. Mbali yoyang'ana kuzenera imawala. Ukamazungulira kumayamba kuda, mpaka ufike pomwe pada kwambiri, koma pamenepo si m'mphepete mwenimweni. Kunsi kwa dzira kumakhala kuwala kochepa kobwerera kuchokera patebulo, ndipo ukapanda kukuonetsa papepala dziralo limaoneka lophwatalala. Kenako pali mthunzi wogwera patebulo, wakuda kwambiri pomwe dzira lakhudza thabwa, n'kumazilala ukamatalikira. Palibe paliponse pamene pali mzere wakuda wozungulira dziralo. Chimene chimalisiyanitsa ndi tebulo ndi chakuti kwina kwawala, kwina kwada. Kuti ndione zimenezi bwino ndinkatsinzina pang'ono mpaka timawangamawanga tonse titasowa, n'kutsala zigawo zikuluzikulu zowala ndi zakuda. Mbatata inavutirapo chifukwa cha timaenje take, koma lamulo ndi lomwelo: kadzenje kalikonse kali ndi mbali yake yowala ndi yakuda.

Nyengo ya kuno imalowererapo. Mu June ndi July chifunga chikakuta phiri la Dedza, kuwala kumabalalika ndipo mithunzi imasowa, moti wophunzira sangaone pomwe kuda kukuyambira. Masiku oterowo ndinkatseka makatani n'kuunikira ndi tochi ya foni kuchokera cham'mbali.

Nditazolowera kuwala ndinalowa pa kuyeza. Umatambasula mkono wonse, chigongono chosapinda, n'kutseka diso limodzi. Nsonga ya pensulo uilunjikitse pamwamba pa mutu wa munthu, chala chachikulu uchitsitse mpaka chilingane ndi chibwano. Umenewo ndiye muyezo wako, ndipo umawerenga kuti ukulowa kangati m'thupi lonse. Munthu wamkulu ataimirira amakwana mitu pafupifupi 7 ndi theka. Makatuni anga ankakwana mitu 3 kapena 4, womwe ndi msinkhu wa khanda, n'chifukwa chake ngakhale nkhalamba ya mu katuni imaoneka yachibwana. Ndinkayeserera pa depoti ndi pamsika wa Lizulu, pa amayi ogulitsa kabichi ndi tomato, chifukwa wogulitsa amakhala malo amodzi nthawi yaitali. Pa njinga za kabaza ndinaphunzira kujambula mipata m'malo mojambula chinthucho: mpata wa pakati pa felemu, mpata wa pakati pa mkono ndi chiuno cha mnyamata wotsamira chishalo. Mpata ulibe dzina, ndiye mutu sungakunamize kuti ukuudziwa kale. Pa chifukwa chomwecho ndinkatenganso chithunzi cha munthu n'kuchizondotsa, n'kuchikopera chili chozondoka choncho.

Kenako ndinabwerera kunkhope. Pali miyezo imene imathandiza poyambira. Maso ali pakatikati pa mutu, kuchokera pamwamba mpaka pachibwano, ngakhale ambiri timawakweza m'mwamba chifukwa sitiwerengera mphumi ndi tsitsi. Pakati pa maso awiri pamakwana diso lina limodzi. Khutu limayambira pafupi ndi nsidze n'kuthera molingana ndi kunsi kwa mphuno. Koma mabuku ambiri ophunzitsa zimenezi anayezera pa nkhope za azungu, ndipo amati mphuno ikhale yotambalala mofanana ndi mpata wa pakati pa maso. Ambirife mphuno zathu zimaposa pamenepo ndipo milomo ndi yodzadza. Ukatsatira bukulo osayeza munthu amene wakhala patsogolo pako, umajambula mlendo.

Za mafupa ndinazimvetsa ku Mua, kumalo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Ndinaima nthawi yaitali ndikuonerera bambo wina akusema mutu wa munthu. Ataona kope langa anati, "Achimwene, tagwirani nkhope yanuyo ndi manja. Mwalimva fupa la pamwamba pa diso? Nanga la patsaya?" Ndinati, "Ndalimva, bambo." Iwo anati amayamba ndi mafupawo, diso limabwera pomaliza. Wosema sangathawire ku mzere, ayenera kudziwa pomwe patukuka ndi pomwe palowa. Kuyambira pamenepo diso ndimaliona kuti ndi chinthu chobulungira chokhala m'dzenje la chigaza, chikope chili ndi kunenepa kwake ndipo chimagwetsera mthunzi pa disolo. Choyera cha m'diso sichiyera mbee, chimakhala chotuwirako, ndipo choyera chenicheni ndi kadontho kowala kokha. Mphuno ilibe mizere m'mbali, ili ndi mbali yowala, mbali yamthunzi ndi kunsi kwakuda. Mano osawazunguliza limodzilimodzi, apo ayi munthu womwetulira amasanduka woopsa.

Pa khungu lathu lakuda m'pamene ndinakhalitsa, ndipo ndimaona kuti ojambula ambiri amalilakwira. Ena amalisiya lotuwa poopa kuda, ena amangopaka bii nkhope yonse, maso ndi mano okha n'kumaoneka. Yang'anani munthu atakhala pakhonde m'mawa. Pamphumi, pamwamba pa masaya, pamsana pa mphuno ndi pa mlomo wam'munsi pamanyezimira, ndipo mbali yamthunzi imalandirabe kuwala kobwerera kuchokera pakhoma kapena pa malaya. Kuchokera powala mpaka pakuda pali mtunda wautali kuposa pa khungu loyera, ndipo kukongola kwake kuli pa mtunda umenewo. Ine ndimayamba ndi kupaka nkhope yonse ndi 2B mopepuka mpaka ifanane ndi kabokosi kapakati, n'kusalaza ndi kapepala kokulunga kapena tishu. Chala sindigwiritsa ntchito chifukwa chimasiya mafuta, ndipo pamafutapo pensulo imagwira mothimbirira. Ndikatero ndimadula labala ndi lezala kuti ikhale ndi nsonga, n'kumatola nayo kuwala pomwe pakunyezimira. Kuda ndimawonjezera mwapang'onopang'ono, monga tithirira ufa mumphika wa nsima, chifukwa kukachuluka kubweza n'kovuta. Ukakanikiza 6B mwamphamvu pepala limayamba kung'anima, ndiye malo akuda zedi, monga tsitsi, m'mphuno ndi kunsi kwa chibwano, ndimaika makala. Pamalo amenewo makalawo azikhala oyamba, pensulo isanafikepo, pakuti pamwamba pa graphite sagwira.

Tsitsi silijambulidwa limodzilimodzi. Ndimaliika lonse pamodzi monga chigawo chakuda chokhala ndi mbali yake yowala, n'kusiya m'mphepete mofewa. Duku ndi chitenje ndimayamba ndi mapindidwe a nsalu, maluwa ake n'kubwera pambuyo akutsatira mapindidwewo.

Munthu woyamba kumujambula ali pompo anali agogo anga aakazi, akutong'ola chimanga. Ndinati, "Agogo, musandiyang'ane ine, zipitirizani zomwe mukuchitazo." Patapita kanthawi anasuzumira papepala n'kufunsa kuti, "Iwe, makwinya onsewa uwaikapo?" Ndinati, "Ndiika ena okha, agogo." Khwinya si mzere wakuda. Ndi kakhwawa kokhala ndi mbali yakuda ndi kamlomo kowala pambali pake, ndipo ukajambula onse mofanana munthu amakalamba kuposa zaka zake. Ndinasankha awiri otsika kuchokera pamphuno kupita m'mbali mwa pakamwa, ndi ang'onoang'ono a m'mbali mwa maso omwe amaoneka akamaseka. Ndinaonanso kuti nsidze yawo yakumanzere imakhala yokwererapo, ndipo nditangoikonza imeneyo, chithunzi chinakhala iwowo.

Apa ndiye ndinazindikira kuti zaka za makatuni sizinapite pachabe. Wojambula katuni amadziwa msanga chimene chimapangitsa munthu kukhala iyeyo, kaya ndi mpata wa mano, kapendekedwe ka mutu kapena kukula kwa mphumi. Kale ndinkachikokomeza, pano ndimangoonetsetsa kuti ndachiyeza molondola kuposa china chilichonse. Sindigwirizana ndi amene amati katuni ndi zojambula za ana. Ku Chongoni, komwe UNESCO idakuika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Amene ankajambula pamenepo sankalimbana ndi mithunzi, ankaika chizindikiro choti wodziwa amve. Imeneyo ndi ntchito ina, yolemekezeka payokha, ndipo makatuni ndimajambulabe.

Ntchito zambiri zimene ndimalandira zimachokera pa zithunzi za pafoni, ndipo izi zili ndi misampha yake. Chithunzi chodzijambula wekha foni ili pafupi chimakulitsa mphuno n'kuchepetsa makutu. Fulashi imapha mithunzi yonse nkhope n'kukhala yophwatalala. Ngati munthuyo alipo, ndimapempha kuti amujambulenso atakhala pakhonde, kuwala kukuchokera mbali imodzi, wojambulayo ataima mamita awiri kapena kuposerapo. Ngati ndi malemu, ndimagwira ndi chomwe chilipo, nthawi zina kachithunzi kakang'ono kozilala ka pa chitupa. Pamenepo ndimakakulitsa pa fotokope, n'kulemba timabokosi ndi rula, n'kulembanso timabokosi tokulirapo papepala langa kuti ndisamutse miyezo. Njirayi ndi yothandiza koma siphunzitsa diso, choncho wophunzira asayambire pamenepo. Ndimafunsanso abale kuti andiuze momwe malemuwo ankasekera, ndiponso ngati pali mwana kapena mdzukulu wofanana nawo amene ndingamuone.

Ndisanapereke chithunzi ndimachiyang'ana pa kalilole. Diso lopendekeka kapena chibwano chokhota, zomwe sindinkaziona nditaziyang'anitsitsa tsiku lonse, zimaonekera nthawi yomweyo. Ndikakonza ndimachipopera pang'ono mankhwala opopera tsitsi nditaima chapatali kuti makala asayoyoke, ndipo eni ake ndimawauza kuti achiike mu felemu ya galasi, pakhoma lomwe silichita chinyezi nthawi ya dzinja.