Zikomo makolo, aphunzitsi ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja

Ntchito yomwetsa ana mankhwala a likodzo ndi njoka zam'mimba m'sukulu za dera lathu yatha bwino, ndipo ife alangizi a zaumoyo kuno ku Mangochi tikuti zikomo. Mafumu, mashehe ndi abusa, munafalitsa uthenga. Aphunzitsi, munaimika mwana aliyense pa ndodo yoyezera msinkhu, chifukwa praziquantel, mankhwala a likodzo, sapatsidwa mongoganizira: ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Amayi ophika phala, inu ndiye munatipulumutsa. Mankhwalawa pamimba yanjala amabweretsa nseru, chizungulire ndi kupotokola m'mimba, ndipo mwana mmodzi akasanza pamzere, anzake onse amathawira kunyumba.

Tithokozenso makolo amene munafunsa mosabisa kuti: "Mwana wanga chomuvuta ndi malungo, nanga mankhwala a njoka alowapo bwanji?" Funso labwino.

Njoka zikakhalitsa m'thupi, asilikali a m'thupi amazolowera kulimbana ndi njokazo, ndipo njoka zimatulutsa zinthu zoziziritsa chitetezo kuti zisathamangitsidwe. Tizilombo ta malungo tikalowa m'magazi, tikhoza kupeza chitetezo chitayang'ana kwina. Koma choopsa kwambiri ndi magazi. Malungo amaswa maselo ofiira, njoka zoluma matumbo zimayamwa magazi tsiku ndi tsiku, likodzo nalo limawatayitsa mu mkodzo. Mwana wotere akagwidwa ndi malungo amakhala wayamba kale kuperewera magazi. Kokerani pansi chikope chake, muone zikhatho: zikayera mbee, kapena akamapuma mwaphuma, thamangani naye kuchipatala. Kapamba wotupa kumanzere, pansi pa nthiti, nayenso asaonedwe ngati wachibadwa.

Mkodzo wamagazi kwa mnyamata si chizindikiro cha kukula ayi, ndi likodzo. Ndipo kuyambira 2017 m'mbali mwa nyanja kuno mwapezeka nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, limene silionekera mu mkodzo koma limatupitsa chiwindi ndi kapamba.

Ana amene tinawabweza chifukwa thupi linali litatentha, sitinawamane. Ayambe ayezedwa malungo; akapezeka nawo, amalize LA kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, kachiwiri patatha maola 8, atadya chakudya chamafuta pang'ono monga phala lotendera. Akachira mubwere nawo adzalandire praziquantel ndi albendazole, wopha njoka zam'mimba, wa mamiligalamu 400, wochita kutafuna.

Praziquantel amapha njoka za likodzo zazikulu zokha, zazing'ono zimatsala, ndipo mwana wobwerera kukasambira kumabango amatenganso zina. N'chifukwa chake tidzabweranso. Pakadali pano neti igone pamwamba pa ana, osati kukakokera usipa, ndipo makanda asaphonye katemera wa malungo pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22.