Masenti 35 a Ben Horowitz

Aphunzitsi athu a zabizinesi anatiuza kuti aliyense asankhe munthu mmodzi woika mpamba m'makampani ongoyamba kumene, afufuze mbiri yake, adzafotokoze m'kalasi. Ine ndinatenga Ben Horowitz, ndipo chimene chinandikoka ndi nambala imodzi: masenti 35. Apa ndi pamene sheya imodzi ya kampani yake inafika mu 2002, chikhalirecho chaka chapitacho ankaigulitsa madola 6.

Za ubwana wake sindichedwapo. Anabadwira ku London mu 1966, nakulira ku Berkeley, California. Anaphunzira zamakompyuta ku Columbia University ndi ku UCLA, ndipo mu 1995 analowa ntchito ku Netscape, kampani imene inkapanga pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, komwe anagwirira limodzi ndi Marc Andreessen, mmodzi mwa amene anaiyambitsa. Mu 1999 awiriwa ndi anzawo ena awiri anayambitsa Loudcloud, kampani yoyendetsera makampani ena mawebusaiti awo.

Tsoka lake, makasitomala ambiri a Loudcloud anali timakampani ta pa intaneti tomwe tinkadalira ndalama za oika mpamba. Msika utagwa mu 2000, timakampanito tinayamba kutseka kamodzikamodzi, oika mpamba nawonso anamanga matumba. Horowitz anapita kukagulitsa masheya a Loudcloud kumsika wa masheya mu Malichi 2001 chifukwa chosowa kwina kopeza ndalama, nthawi imene aliyense ankathawa makampani a mtundu umenewu. Mu 2002 anagulitsa gawo lalikulu la bizinesiyo kwa kampani ina ya zamakompyuta yotchedwa EDS pa madola 63.5 miliyoni, n'kutsala ndi pulogalamu ya pakompyuta imene ankayendetsera ntchito yawo. Kampani yotsalayo anaitcha Opsware. Patatha zaka zisanu, mu 2007, Hewlett-Packard inaigula pa madola 1.6 biliyoni.

M'kalasi mwathu timathera masabata tikulemba mapulani a bizinesi, manambala onse akukwera bwinobwino chaka ndi chaka. Palibe tsiku limene tinakambapo za chochita pulaniyo ikafa, anthu akudikira malipiro. Buku la Horowitz la 2014, The Hard Thing About Hard Things, lagona pamenepo, ndipo gawo limene linandikhala pamtima ndi lochotsa anthu ntchito. Iye amati bwana aliyense auze yekha anthu ake, asatume a ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo anene poyera kuti kampani ndiyo yalephera, asanamizire wochotsedwayo. Amafotokozanso kuti pa nthawi ya malonda a EDS aja ankafuna kupita ku New York kukalengeza, koma mlangizi wake Bill Campbell anamuuza kuti akhale, aliyense amve tsiku lomwelo ngati akutsala, akupita ku EDS kapena ntchito yamuthera.

Nditawerenga apa ndinatseka bukulo kaye. Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kufotokopa, ndipo chaka chatha malonda atavuta ndinaimitsa mnyamata amene ankandithandiza. Sindinamuuze pamaso. Ndinamulembera pa WhatsApp usiku, ndikuti "tiona mwezi wamawa", ndikudziwa bwino lomwe kuti mwezi wamawawo kulibe. Horowitz anachotsa anthu ambirimbiri, ine mmodzi yekha, koma mmodziyo ndinamuzemba.

Sikuti zonse za m'bukumo ndazimeza. Makampani ambiri amene sheya zawo zinafika pa masenti anafera pomwepo, ndipo eni ake sanalembe mabuku. Tikumva mawu a amene anawoloka. Komanso "kuvutika" kwa munthu amene angathe kutapa mamiliyoni kumsika wa masheya n'kosiyana ndi kwa ife amene mpamba wathu umachokera ku banki m'khonde. Ndinanena zimenezi pagulu lathu lowerengera, mnzanga wina n'kundiseka kuti ndi nsanje chabe. Mwina.

Mu 2009 Horowitz ndi Andreessen anayambitsa Andreessen Horowitz, kampani yoika mpamba m'makampani ongoyamba kumene, ndi madola 300 miliyoni. Mfundo yawo inali yakuti woyambitsa kampani athandizidwe kuphunzira utsogoleri m'malo momuchotsa n'kubweretsa bwana wakunja, zomwe zikuoneka kuti zinachokera m'zimene iye mwini anadutsamo. Anaikako ndalama ku Skype, kampani yoimbirana mafoni pa intaneti, yomwe Microsoft inagula mu 2011 pa madola 8.5 biliyoni.

Ndikafotokoza Lachinayi, ndipo andipatsa mphindi khumi. Zisanu ndi ziwiri ndaziika pa zaka za 2000 mpaka 2002. Nambala ya mnyamata uja ikadali m'foni mwanga, ndipo ndamupempha kuti tionane Loweruka.