Lachiwiri: a Sajeni afika patatha maola 13 chimwereni

Pa 9 koloko m'mawa tinalandira kuchipatala kuno bambo wa zaka 57, msilikali wopuma pantchito, amene muno tizingomutchula ndi udindo wake kuti a Sajeni. Anabwera nawo ndi alongo awo aakulu a ku Matero mu Lusaka. Asanakhale n'komwe pampando, alongowo anali atagamula kale: "Nkhondo ndiyo inawaononga alongo angawa, ndiye mkazi nayenso wawathawa." Mawuwo tinawalemba m'failo monga anayankhulidwira, koma sitinayambire pamenepo. Tinafunsa eni ake: "A Sajeni, mowa mwamwa liti komaliza?"

Dzulo, 8 koloko usiku. Alongowo anakhuthula kabotolo kotsala, nakhoma chitseko, kiyi n'kugona naye. Anachita mwa chikondi, koma kwa munthu amene thupi linazolowera mowa wa tsiku ndi tsiku, imeneyo ndi njira ina yomuphera. Mowa umapondereza ubongo, ubongo nawo umalimbira kuti uzigwirabe ntchito, ndipo ukauchotsa mowawo mwadzidzidzi zimakhala ngati wachotsa mwala wotsekereza tayala la minibasi pamtsetse. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni. Kugwa ngati wa khunyu kumabwera m'masiku awiri oyamba. Choopsa kwambiri, chimene madokotala amachitcha delirium tremens, chimakonda tsiku lachiwiri mpaka lachinayi: munthu sadziwa kumene ali, amaona zilubwelubwe, thupi limatentha, mtima umathamanga, ndipo popanda chithandizo ena amafa. Nchifukwa chake ola limene munthu wamwa komaliza limalembedwa pamwamba penipeni pa pepala, mbiri yonse isanayambe.

A Sajeni anali pa ola la 13. Manja atatambasula anali njenjenje, thukuta kamukamu ngakhale kunja kunali kusanatenthe, mtima ukugunda ka 108 pa mphindi, BP 158/96. Tinabaya chala kuona shuga, chifukwa shuga wotsika ndi wofala mwa anthu omwa osadya ndipo amasokoneza mutu mofanana. Malungo tinayezanso, munalibe. Kenako CIWA-Ar, muyeso wa kukula kwa zizindikiro za kuleka mowa, umene umayang'ana zinthu 10 monga nseru, kunjenjemera, thukuta, nkhawa, mutu, ndi kuona kapena kumva zimene palibe. Anapeza 14. Pofika 11 koloko anali pa 19. Nambala imodzi siuza zambiri. Chimene timayang'ana ndi kumene ikulowera.

Funso lachiwiri linali lakuti anayamba agwapo ataleka mowa. Iwo anakana. Alongowo ndi amene anakumbuka kuti chaka chatha, atagona masiku awiri ndi chimfine osapita kumowa, anagwa m'bafa nadziluma lilime, ndipo apabanja anati ndi BP. Munthu amene anagwapo kamodzi ndi wosavuta kugwanso, choncho nkhani yolekera mowa kunyumba inathera pomwepo.

Kuchuluka kwa mowa ndiye pamene ambiri amapusitsika. Ukafunsa kuti "mumamwa wochuluka bwanji", yankho limakhala limene a Sajeni anapereka: "Tiwiri basi, mwana wanga." Timafunsa tsiku la dzulo, kuyambira podzuka, malo ndi malo. M'mawa, kabotolo ka mowa waukali ka mamililita 200, kogula pa kantemba, kuti manja akhazikike. Masana, makatoni awiri a Chibuku ndi anzawo kushabini. Madzulo kabotolo kena. Tiwiri tija tinalidi tiwiri. Chibuku sanachiwerengere chifukwa kwa iwo ndi chakudya.

Masamu ake ndi awa. Mamililita timachulukitsa ndi peresenti yolembedwa pa botolo, kenako ndi 0.8, kuti tipeze magalamu a mowa weniweni. Kabotolo ka 200 ka 40 peresenti kali ndi magalamu 64. Mlingo umodzi pa kawerengedwe ka WHO ndi magalamu 10, ndiye kabotolo kolowa m'thumba la malaya kali ndi milingo 6 ndi kadontho, pamene botolo la lager la mamililita 375 la 5 peresenti lili ndi mlingo umodzi ndi theka. Chibuku n'chovuta chifukwa chimapitirira kusasa m'katoni momwemo. Tinawerengera milingo itatu pa lita. Zonse pamodzi, milingo pafupifupi 19 pa tsiku wamba. Ndalama zikatha amapita ku kachasu, amene mphamvu yake palibe angaidziwe, ngakhale wotcheza. Tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi, boma la Zambia linaletsa mu 2012, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki.

AUDIT, mafunso 10 a WHO oyezera kamwedwe ka mowa, tinawafunsa pakamwa m'Chinyanja, osawapatsa pepala, chifukwa manja onjenjemera salemba ndipo munthu wamanyazi amangochonga paliponse. Mapointi amafika 40. Kuyambira 8 ndi kumwa koika moyo pachiswe, kuyambira 20 timaganizira uchidakwa weniweni. A Sajeni anapeza 31. Komabe AUDIT imangolozera. Chigamulo chimachokera ku zinthu zitatu zimene ICD-11, buku la WHO la mndandanda wa matenda, limafuna ziwiri mwa izo: kulephera kudziletsa, mowa kukhala patsogolo pa zina zonse, ndi thupi kuuzolowera mpaka kudwala ukasowa. Iwo anali nazo zonse. Kumwa m'mawa kuti manja aleke kunjenjemera, kumene anzawo amangoti kuchotsa matsire, ndiko chizindikiro chimene sichinama.

Pathupi tinaona maso ngati ali achikasu, mimba ngati yatupa madzi, chiwindi ngati chakula, mapazi ngati achita dzanzi, ndi kayendedwe. Anayenda motangadza pang'ono, ndipo chaka anachitchula molakwa kawiri. Pamenepo timaopa Wernicke, matenda a ubongo obwera chifukwa chosowa thiamine, vitamini B1. Zizindikiro zake zodziwika ndi kusokonezeka mutu, kudzandira ndi maso osayenda bwino, koma ambiri sakhala nazo zonse zitatu, choncho sitidikira. Analandira thiamine wa jakisoni nthawi yomweyo, drip ya shuga isanaikidwe. Shuga woperekedwa yekha amamaliza thiamine wochepa amene watsala m'thupi. Diazepam, mankhwala okhazika ubongo pansi, dokotala analemba kuyambira mamiligalamu 10 kanayi pa tsiku, kuonjezera malinga ndi CIWA-Ar, n'kumachepetsa pang'onopang'ono m'masiku osapitirira 7. Chiwindi chikapezeka chofooka kwambiri mankhwalawo asintha, chifukwa diazepam amachedwa kutuluka mwa munthu wotere. Magazi tatumiza kuti aone mmene chiwindi ndi maselo a magazi zilili (AST, ALT, GGT ndi MCV), ndipo avomera kuyezetsa HIV ndi TB.

Cha m'ma 12, mankhwala atawakhazika pansi pang'ono, tinatenga pepala n'kujambula mzere wa zaka. Ntchito imeneyi ndi imene ambiri amaidumpha akangomva kuti munthu anali msilikali. Analowa usilikali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akumwa Loweruka ndi anzawo monga ambiri kukampu. Mu 2000 anali ku Sierra Leone ndi gulu la United Nations, chaka chimene zigawenga za RUF zinagwira asilikali osungitsa mtendere mazanamazana, ambiri mwa iwo a ku Zambia. Atabwerako tulo tinavuta, mowa unakwera, koma ntchito inkawagwira: pa pareti ya m'mawa sungafike ukununkha. Anapuma mu 2019. Ndalama za penshoni zolandira kamodzi anagulira minibasi yakale, imene inafa injini chaka chisanathe. Kumwa kwa tsiku ndi tsiku kunayamba mu 2020.

Mzerewo ukusonyeza kuti pakati pa nkhondo ndi uchidakwa pali zaka 20. Nkhondo mwina ili ndi gawo lake, koma chimene chinagwetsa mpanda ndi kutha kwa ndondomeko ya tsiku, kusowa anzawo, ndi manyazi a ndalama zothera m'galaja. Tikanalemba kuti "PTSD" (matenda a maganizo obwera munthu akadutsa m'zoopsa) lero n'kutseka failo, bwenzi zitatu zimenezi zitasowa wozisamala.

Komanso lero si tsiku loyeza PTSD. Kusagona, kudzidzimuka, thukuta la usiku ndi maloto oipa zimabweranso ndi kuleka mowa, ndiye muyeso uliwonse ungakwere mwachinyengo. Tinangofunsa mafunso asanu a PC-PTSD-5, muyeso waufupi wa PTSD, ndipo anavomera anayi. PCL-5, yaitali ya mafunso 20, idikira atakhala milungu iwiri kapena inayi osamwa. Chimodzimodzi matenda a kukhumudwa, amene mwa ambiri amachepa okha mowa ukachoka. Zimene anaona kunkhondo sitinafukule. Tinangowauza kuti, "A Sajeni, zimenezo mudzanena pamene mwafuna, ndipo mudzalekeza pamene mwafuna." Kukakamiza munthu kufotokoza zoopsa tsiku loyamba, kenako n'kumusiya, kumamubwezera kubotolo.

Chimene sichidikira ndi funso la kudzipha, ndipo limafunsidwa mosazungulira. Anakhala chete, kenako anati: "Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanabwera m'bokosi, bwenzi ana akundilemekeza." Tsiku kapena njira sanakonze, ndipo sanayesepo. Mfuti alibe, tinafunsa iwo, tinafunsanso alongo awo padera. Koma m'nyumba muli botolo la mankhwala ophera tizilombo m'dimba, ndipo alongowo alonjeza kukalichotsa lero lomwe.

Akazi awo anafika 2 koloko kuchokera ku Chawama, kumene akhala kwa mng'ono wawo miyezi itatu. Tinawaona okha, chitseko chotseka, alamu awo ali panja. Izi sitisintha, ngakhale abale adandaule: mkazi sanganene za nkhanza pamaso pa amene akumuchitira, kapena pamaso pa mlongo wake. Sitifunsanso kuti "amakuchitirani nkhanza?", chifukwa ambiri amayankha ayi. Timafunsa chimodzichimodzi: anakumenyanipo, anakukanyangani pakhosi, anakuopsezani ndi mpeni kapena chikwanje, ananenapo kuti adzakuphani, amakukakamizani kugona nawo, ana anawakhudzapo. Amayiwo anati mbale zasweka zambiri, mbama kangapo, ndipo usiku umene anachoka anawagwira pakhosi mpaka kuona mdima. "Abambo a ana sanali otero," anatero, "koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndikagona muno ndidzuka mtembo."

Kukanyanga pakhosi ndi chimodzi mwa zizindikiro zazikulu zakuti nkhanza ingathere pa imfa. Chifukwa cha ichi uphungu wa awiri pamodzi tauletsa pakadali pano, ndipo sitikulangiza amayiwo kubwerera, ngakhale a Sajeni atuluke ali bwino. Tinawafotokozera za Victim Support Unit kupolisi, za chikalata chowateteza chimene khoti lingapereke pansi pa lamulo loletsa nkhanza la 2011, ndi nambala zaulere, 933 ya akulu ndi 116 ya ana. Kusankha n'kwawo. Ankhoswe akufuna kukhala pansi Loweruka. Tapempha kuti msonkhanowo ukambe za chakudya ndi sukulu ya ana, osati zobweza mkazi. Mawu akuti ukwati ndi kupirira ali ndi malo ake, koma si pano.

Amayiwo anatithandizanso pa mzere wa zaka uja. Maloto okuwa usiku anayamba mu 2001, mowa usanakule, ndipo usiku wa Chaka Chatsopano, ana akamaphulitsa makombola m'komboni, a Sajeni amadzitsekera kuchipinda. Umboni wotere umalemera kuposa mapointi a lero. Ananenanso kuti mnzawo wa kutchalitchi anawapatsa mapiritsi oti aziika mobisa m'ndiwo. Sanawagwiritse, mwamwayi. Ngati anali disulfiram, mankhwala odwalitsa munthu akamwa mowa, munthu womwa mowa osadziwa kuti wawadya amatha kukomoka, BP kutsika, mtima kusokonezeka. Zitsamba zosanzitsa nazo n'zoopsa kwa munthu wa chiwindi chodwala, amene mitsempha ya kummero ingaphulike.

Za ndalama zinatenga mphindi zochepa. Khadi la kubanki lili kwa munthu wa kaloba, amene amatapa yekha penshoni ikalowa. Mapepala a nyumba ali ndi amayiwo, ndipo akhale komweko. Ana ndi awiri: mtsikana wa zaka 11 anapita ndi amake, mnyamata wa zaka 16 anatsala ndi atate ake, ndipo ndiye amatumidwa kukagula timabotolo ndi kukawanyamula kushabini. Mwana ameneyu palibe anamutchula mpaka titafunsa kuti kunyumba amaphika ndani. Tidzamuona payekha, ndipo tidzamufunsanso ngati iye wayamba kulawa.

Titanena zogonekedwa, alongowo anadzuka: "Ku Chainama ayi, alongo anga si amisala." Dzina limenelo limaopsa mabanja ambiri mu Lusaka, ngakhale Chainama Hills ndi chipatala chachikulu cha matenda a maganizo m'dziko muno ndipo anthu a vuto la mowa amathandizidwako. Kwa a Sajeni, chifukwa cha kugwa kuja ndi kukayikira Wernicke, dokotala anasankha wodi ya matenda wamba, kumene drip ndi magazi zili pafupi. Iwo eni anavomera titawafotokozera maola amene akubwera, monga mmene amafotokozera ulendo kwa msilikali: usiku uno, mawa, mkuja.

Ambulansi inanyamuka 4 koloko. Pa kalata talemba ola limene anamwa komaliza, CIWA-Ar ziwiri zija ndi nthawi zake, mankhwala amene alandira, ndi pempho lakuti ayezedwe maola anayi alionse, makamaka Lachitatu usiku mpaka Lachisanu. Mnyamata uja akagona ku Matero kwa azakhali ake, ndipo abwera naye Lachinayi m'mawa.