X-ray sinaonetse kanthu, MRI ndiyo inapeza kutupa m'chiuno mwanga

Msana wanga unayamba kuvuta ndisanakwanitse zaka 30, ndipo unkavuta mosiyana ndi wa anzanga amene amadandaula akachokera kumunda kapena akanyamula matumba. Iwo akagona amapezako bwino. Ine kugonako ndiko kunkaputa ululu. Chakum'bandakucha ndinkadzidzimuka m'chiuno mukuwawa mpaka m'matako, lero mbali ino, mawa mbali inayo. Kukacha msana unkakhala utauma gwa kwa ola lathunthu, kuvala nsapato kunali ntchito, koma ndikayendayenda unkamasuka.

Ku chipatala cha kwathu anandijambula X-ray ya msana. Chithunzi chinatuluka chopanda vuto, m'buku la kuchipatala analembamo brufen, n'kundiuza kuti ndichepetse ntchito zolemetsa. Brufen uja ankathandizadi kwambiri, koma ndikangosiya, zonse zinkabwerera. Zinayenda choncho kwa zaka, mpaka abale ena anayamba kunena kuti mwina ndi zakumudzi.

Zinthu zinasintha nditakumana ndi dokotala wina wa matenda a akuluakulu pachipatala chachikulu. Sanathamangire kulemba mankhwala. "Bambo, ululuwu umakula mukapuma kapena mukagwira ntchito?" Anafunsanso ngati diso linayamba lafiirapo n'kumawawa ndikaona kuwala, ngati chidendene chimapweteka, ngati ndili ndi zigamba zamamba pakhungu kapena m'mutu, ngati ndimatsegula m'mimba kwa nthawi yaitali mosakanikirana ndi magazi, komanso ngati kumtundu kwathu alipo wokhala ndi msana wouma. Za chidendene ndinavomera. Kenako anandilemba timizere kumunsi kwa msana, n'kundiuza kuti ndiwerame, iwo akuyeza ndi tepi kuti aone mmene msanawo ukutambasukira. Anayezanso mmene chifuwa chimafutukukira ndikakoka mpweya.

Pamenepo ndi pomwe ndinamva koyamba dzina loti axial spondyloarthritis, mtundu wa nyamakazi imene chitetezo cha m'thupi chimatupitsa mfundo za msana. Kawirikawiri imayambira pamene fupa la kumapeto kwa msana limalumikizana ndi mafupa a chiuno, mfundo ziwiri zimene madokotala amati sacroiliac, imodzi kumanja ina kumanzere. Imakonda kuyamba munthu asanafike zaka 45, ndipo amaikayikira ululu ukapitirira miyezi itatu uli ndi makhalidwe ngati anga aja. Ngakhale kumva bwino msanga ukamwa brufen ndi chimodzi mwa zizindikiro zake.

Ndinafunsa kuti, "Nanga adokotala, X-ray ija sinaonetse kanthu bwanji?" Yankho lawo ndi limene landichititsa kulemba zonsezi. X-ray imaona fupa lolimba. Siona kutupa. Imayamba kuonetsa kanthu pokhapokha kutupako kutadya m'mphepete mwa mfundo, kapena fupa latsopano litamera n'kuyamba kulumikiza mafupa a msana. Zimenezi zimatenga zaka zambiri, ndipo mwa anthu ena sizifika n'komwe. Matendawa akafika poonekera pa X-ray amatchedwa ankylosing spondylitis, ndipo akakula kwambiri msana umaoneka ngati nsungwi pachithunzi, mafupa onse atagwirana. Malamulo akale ozindikirira matendawa, a New York amene anakonzedwanso mu 1984, ankafuna kuti kuwonongekako kuoneke pa X-ray. Mu 2009 gulu la akatswiri la ASAS linavomereza kuti kutupa kooneka pa MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, kuziwerengedwanso. Apa ndi pamene anthu ngati ine, odwala koma X-ray ili yoyera, tinayamba kuwerengedwa kuti ndife odwala.

Tisanafike ku MRI panali zoyeza magazi. ESR ndi CRP, zimene zimasonyeza kutupa m'thupi, zanga zinakwera pang'ono chabe, ndipo adokotala anati mwa odwala ambiri zimatuluka zabwinobwino. Anandiyeza HIV, chifukwa kuno kwathu nyamakazi za mtunduwu zimayendanso ndi kachilomboka. Anandijambula chifuwa n'kufunsa za kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, chifukwa TB ya mumsana ndi yofala kuno ndipo kuiphonya kukhoza kupuwalitsa munthu. Pali kuyeza kwina kwa chibadwa kotchedwa HLA-B27 kumene mungawerenge paliponse pa intaneti. Mwa azungu odwala matendawa ambiri amapezeka nacho, koma mwa ife anthu akuda a kum'mwera kwa Africa n'chosowa kwambiri, ngakhale mwa odwala enieni. Choncho kusapezeka nacho sikutanthauza kuti mulibe matendawa. Ndi chifukwa chake kwa ife chithunzi cha MRI n'chofunika kwambiri.

Chinthu chimene ndikupempha aliyense kuti achisamale ndi kalata yopempha MRI. Adokotala analemba momveka kuti ajambule mfundo za sacroiliac pamodzi ndi msana, kuti akukayikira kutupa, ndipo pakhale mitundu iwiri ya zithunzi za MRI yotchedwa STIR ndi T1. Anandichenjeza kuti pakalata pakangolembedwa kuti kupweteka kwa msana, ojambula amatenga kumunsi kwa msana kofunira mtsempha wopanikizika, ndipo mfundo za m'chiuno zija zikhoza kutsala kunja kwa chithunzi. Munthu n'kulipira ndalama zambiri, malo odwalawo osajambulidwa. Werengani kalatayo musanatuluke m'chipinda cha dokotala, ndipo ngati simukuona mawu oti sacroiliac, funsani.

Makina a MRI m'Malawi ndi owerengeka. Oyamba anafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, makamaka pofufuza za malungo a mu ubongo mwa ana. Ine ndinakajambulitsa ku chipatala cholipira, ndipo ndalama zake tinachita kusonkherana pachibale. Polembetsa tsiku ndinafunsa ngati ndipitirize kumwa mankhwala. Adokotala anga anasankha kuti ndiyambe ndasiya brufen kwa masiku angapo, poopa kuti angachepetse kutupa kumene tikufuna kuona. Madokotala ena sachita choncho, ndiye musasiye nokha, funsani wanu. Masiku amenewo anali owawa, sindibisa.

Pa tsikulo anandipatsa pepala la mafunso. MRI sigwiritsa ntchito cheza ngati X-ray, imagwira ndi maginito amphamvu, n'chifukwa chake amafuna kudziwa ngati muli ndi chitsulo m'thupi: kachipangizo kothandiza mtima kugunda, zitsulo zoikidwa pa opaleshoni, tizidutswa tolowa m'diso powotcherera. Azimayi amafunsidwanso za pathupi. Lamba, makiyi, foni, ndalama zachitsulo ndi khadi la kubanki zonse zinatsala panja, ndinavala chovala chawo. Sanandibaye mankhwala a mumtsempha, chifukwa pa kujambula kwa mtunduwu nthawi zambiri safunika.

Mayi amene ankajambula anandigoneka chagada pa kabedi kopapatiza, anaika pilo pansi pa mawondo, anandipatsa zotseka m'makutu ndi kampira kofinya ngati ndikufuna thandizo. "Bambo, chachikulu musagwedezeke. Mukasuntha chithunzi chimaipa, tiyambiranso." Kabedi kanalowa m'mphako ya makina, denga lili pafupi ndi nkhope. Phokoso lake ndi lalikulu, kugogoda ndi kulira mosinthasintha, kuleka pang'ono, kuyambanso. Koma chovuta kwa ine sichinali phokoso kapena kupanikizika. Matenda athuwa amadana ndi kukhala malo amodzi, ndipo apa umafunika kugona duu kwa nthawi yoposa theka la ola. M'chiuno munayamba kukoka. Chimene chinandithandiza n'choti ndinali nditawauziratu, ndiye pakati pa zigawo ankandilankhula pa chimkuzamawu kundiuza kuti kwatsala pang'ono. Ngati mumaopa malo othina, nenani polembetsa pomwe, osadikira kuti mwagona kale.

Ndinatuluka ndi CD, ndipo lipoti la katswiri wowerenga zithunzi linabwera pambuyo pake. Adokotala anatsegula zithunzizo pa kompyuta n'kundiitana kuti ndione. Pa STIR mafuta amazimitsidwa kuti aoneke akuda, madzi n'kumawala. Fupa labwino limaoneka lodera. Langa, m'mphepete mwa mfundo zonse ziwiri, linali ndi zigamba zoyera mbee, zooneka pa zithunzi zingapo zotsatizana. Amenewo ndi madzi osonkhana m'kati mwa fupa chifukwa cha kutupa kumene kulipo panopa. Pa T1 anandionetsa timalo todyeka m'mphepete mwa mfundo ya kumanja ndi mafuta olowa pamene panatupapo kale, umboni woti matendawa anakhalitsa. M'makona a mafupa angapo a msana munalinso timadontho towala. Mafinya kapena fupa logumuka, zimene TB imakonda kuchita, panalibe.

Misozi inalengeza. Sikuti ndinakondwa kudwala, koma ululu umene ndinkalephera kuufotokozera anthu unali pamenepo, wooneka ndi maso.

Adokotala sanafune kuti nditenge chithunzicho ngati woweruza yekha, ndipo ndikuona kuti ananena zoona. Zigamba zowala zing'onozing'ono m'mfundo zimenezi zimapezekanso mwa anthu opanda matendawa: amayi amene angobereka kumene, othamanga, ogwira ntchito zolemetsa. Komanso kutupa kumabwera n'kupita, moti munthu wodwaladi akhoza kujambulidwa pa nthawi imene kwazizira, MRI n'kutuluka yoyera, ndipo nthawi zina amabwereza pakapita miyezi. Kwa ine chinatsimikiza nkhani ndi kugwirizana kwa zonse: msinkhu umene ululu unayambira, kuuma kwa m'mawa, chidendene, magazi, ndi kutupa kokhala pamalo pake penipeni limodzi ndi kudyeka kwa fupa.

Anandiika pa naproxen, mankhwala a gulu la brufen, womwa mwadongosolo, pamodzi ndi mankhwala oteteza m'mimba, ndipo amandiyeza impso ndi BP nthawi ndi nthawi. Ananditumiza ku mafizo komwe anandiphunzitsa kutambasula msana ndi chifuwa, zimene ndimachita m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Anandiuza kuti fodya amafulumizitsa kuwonongeka kwa msana, ndiponso kuti diso likadzafiira n'kumawawa ndisadikire, ndipite kwa a maso tsiku lomwelo. Ngati mapiritsiwa adzalephere, pali jakisoni monga adalimumab ndi etanercept, okwera mtengo kwambiri, ndipo asanakupatseni amayamba ayeza TB yobisala chifukwa mankhwalawa amatha kuidzutsa. MRI sajambula chaka chilichonse, amabwereza pokhapokha pali funso latsopano. CD ija ndi lipoti ndinazikopera mu foni ndi pa imelo, chifukwa dokotala aliyense watsopano amafuna kuona zithunzi zenizenizo, osati lipoti lokha.