Zimene tinakaona ku Mufakose: mafunso 5, makope otseka

Lachinayi lapitali gulu lathu la aphunzitsi ndi a makomiti a sukulu olankhula Chichewa muno mu Harare, anthu 12, linakwera kombi ku Mbare kupita ku pulayimale ina ya ku Mufakose. Tinkafuna kuona mmene ahedi a kumeneko akuyendetsera sukulu potengera mmene ubongo umaphunzirira.

Tinakhala kumbuyo m'kalasi ya giredi 6. Aphunzitsi sanayambe ndi mutu watsopano. Analemba mafunso 5 pabolodi: awiri a dzulo, awiri a sabata yatha, limodzi la mwezi watha. Ana anayankha pakapepala makope ali otseka, kenako n'kudzichongera okha. Zonse mphindi 10. Nzeruyi si yalero. Mu 1885 wofufuza wina, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zambiri zimene munthu waphunzira zimathawa m'masiku oyambirira, ndipo mu 2006 ofufuza ena, Roediger ndi Karpicke, anapeza kuti kuyesa kukumbukira kumakhazikitsa phunziro kuposa kuwerenga mobwerezabwereza. Pagona nkhani ndi pa kope lotsekalo. Mwana akasuzumira amangozindikira zimene akuona, osati kuzifukula m'mutu mwake.

Ahedi anatiuza pomwe zimakonda kusokonekera. Aphunzitsi ena amayamba kulemba malikisi a mafunso aja m'buku ndi kuitana olephera kutsogolo. Zikatero ana amayamba kuonera anzawo. Mantha amachititsa thupi kutulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol, ndipo mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imagwira maganizo pamene mwana akuwerengera samu, imafooka. Choncho malikisiwo salembedwa paliponse.

Mbali yakutsogolo ya ubongo ija imagwira zinthu pafupifupi 4 zokha nthawi imodzi. N'chifukwa chake samu yogawa yaitali amaiphunzitsa sitepe imodzi imodzi, chitsanzo chomalizidwa chili pabolodi. Akafunsa funso amadikira masekondi osachepera 3 asanaloze mwana. Wofufuza zamaphunziro Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi basi. Kunena zoona, masekondi 3 amatalika choko chili m'manja.

Chimene chinatigwira mtima ndi chakuti ahedi amachita chimodzimodzi pothandiza aphunzitsi awo. Amakhala m'kalasi mphindi 15, n'kutchula chinthu chimodzi chokha chofunika kukonza, paokha mu ofesi, ndipo amabweranso patatha sabata. Fomu yoyendera aphunzitsi ya mfundo 20 anaisiya.

Pa nkhomaliro wina anatchula zogawa ana kuti awa amaphunzira poona, awa pomva. Tinakana, kafukufuku sanatsimikize zimenezo. Za tulo tinavomerezana: mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12, pakuti zamasana zimakhazikika ali mtulo. Homuweki yofika mpaka usiku pokonzekera mayeso a giredi 7 a ZIMSEC, bungwe la mayeso la Zimbabwe, ikuononga zomwe ikufuna kumanga.

Teremu ikubwerayi aliyense ayesa mafunso 5 aja m'kalasi imodzi. Tidzakumana ku Highfield, titanyamula timapepala ta ana.