Foni yanga inapita ndi masamu

Nditangoika nambala yatsopano yotsekulira foni, madzulo ake tili pabalaza pakamwa panayamba kundiyabwa. Ndinalengeza kuti m'nyumba muno mulibe munthu amene angaitulukire, ndipo woitsekula foniyo atenge ikhale yake.

"Tiunikireniko pang'ono, amalume," anatero mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene ali ku sekondale.

Ine ndi matama anga ndinamuunikiradi. Ndinati ndi ya madijiti anayi, ndipo ukaiwerenga kuchokera kumanzere kapena kumanja imakhala yomweyo. Ukaisandutsa kukhala binary, kawerengedwe ka kompyuta kaja ka 0 ndi 1 basi, imachitanso chimodzimodzi. Mpaka ndinamulembera chitsanzo kuseri kwa envulopu: 585 mu binary ndi 1001001001, uku ndi uku n'chimodzimodzi. Mumtima ndinkati mwanayu amera imvi akusakasaka pakati pa manambala 9,000.

Mnyamatayo anangonyambita pensulo. Anati manambala a madijiti anayi owerengeka mofanana mbali zonse alipo 90 okha, kuyambira 1001 mpaka 9999, chifukwa ukasankha madijiti awiri oyambirira, otsalawo adzisankha okha. Kenako anati nambala iliyonse yogawika ndi 2 imathera ndi 0 mu binary, pamene kumayambiriro kumakhala 1, ndiye zoyamba ndi 2, 4, 6 ndi 8 zonse panja. Zinatsala 50. Apa thukuta linayamba kundituluka m'khwapa, koma ndinapitiriza kuseka ngati munthu wopanda nkhawa.

Anayamba kugawa ndi 2, kulemba zotsala, kugawanso, envulopu yonse bii ndi ma 0 ndi ma 1. Ine ndinayesa kumutuma madzi akumwa, kumufunsa za mayeso, ngakhale kukweza wailesi. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Zatsala ziwiri, amalume. 7447 ndi 1110100010111, ndipo 9009 ndi 10001100110001. Bweretsani."

Anayamba ndi 9009, foni inakana, ine mtima pansi pang'ono. Atadina 7447, chithunzi changa chija ndavala magalasi akuda chinangoti gwaa pagalasi, nyumba yonse kufa nako kuseka.

Mayi a kunyumba, amene nthawi yonseyi ankaoneka ngati akungosoka batani la malaya, anaika singano pansi mwaulemu.

"Abambo, paja munkati ya khadi la kubanki nayonso ndi ya mtundu womwewu, koma yosiyana ndi ya pafoni?"