Sanandipatse moni pamsika

Mayi anga atamwalira, tulo tinandithawa miyezi inayi. Mnzanga wakuntchito ndiye anandikakamiza kukaonana ndi mlangizi wa zamaganizo. Tsiku loyamba, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, mlangiziyo, amene anali mayi, anandiuza kuti zonse zimene tikambirane zithera m'chipinda momwemo, pokhapokha ataona kuti ndikufuna kudzipha, kuvulaza munthu, kapena kuti pali mwana amene akuzunzidwa. Zikatero sangakhale chete, koma woyamba kuuzidwa ndidzakhala ine.

Patapita milungu itatu ndinakumana nawo pamsika, pa benchi ya tomato. Ndinali ndi azakhali anga. Maso athu anaphana, iwo n'kuweramira tomato ngati sandidziwa. Zinandiwawa kwambiri. Kwathu kuno ngakhale amene munayambana naye dzulo mumapatsana moni, nanga munthu amene ndinamuuza zakukhosi zonse, mamina ali chuchuchu?

Lachinayi lotsatira ndinawafunsa. "Ndikanakupatsani moni, azakhali anu akanafunsa kuti ndine ndani," anatero. "Inu mukanayankha chiyani?" Ndinasowa chonena. Kunyumba palibe amene ankadziwa kuti ndikupita kumeneko, ndipo abale anga akangomva za mlangizi, maganizo awo amathamangira ku Zomba Mental, basi mwana wapenga. Anandiuza kuti kuyamba kupereka moni ndi ufulu wanga, ndipo ndikayamba ine adzayankha ndi mtima wonse.

Za kuulula chinsinsi moyo ukakhala pangozi ndinadzazifufuza pambuyo pake, chifukwa poyamba zinkandiopsa. Mu 1969 ku California, m'dziko la America, wophunzira wina wa pa yunivesite dzina lake Prosenjit Poddar anauza katswiri amene ankamuthandiza maganizo kuti akufuna kupha mtsikana wina, Tatiana Tarasoff. Apolisi a pa yunivesite anadziwitsidwa, koma mtsikanayo ndi makolo ake sanachenjezedwe, ndipo Poddar anamuphadi. Mu 1976 khoti lalikulu la California linagamula kuti katswiri ali ndi udindo woteteza munthu amene akuopsezedwa. Nditawerenga zimenezi mantha anachoka. Ndinaona kuti amayi aja anachita bwino kundiuza malire ndisanalankhule kalikonse.

Mwezi watha tinakumananso paukwati. Ndinanyamuka ndekha pampando, kupita pamene anakhala, n'kunjuta: "Muli bwanji, amayi?" Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Nditabwerera, azakhali anandinong'oneza kuti amenewo ndi ndani. Ndinawauza kuti ndi amene anandithandiza kuyambanso kugona.